Vanishi wosawala: zomwe ndaona pa Donic Lacquer Formula patatha chaka ndi miyezi

Phokoso lake ndi laling'ono, ngati mwana akusenda nzimbe ndi mano, koma amene analimvapo saliiwala. Ine ndinalimva Loweruka lina mu February chaka chatha, ndili pakhonde kwathu kuno ku Zomba, mvula ikuwaza, ndikumatula labala wakuda pa thabwa la bat yanga ya table tennis. Labalayo anali atatha, pakati patasalala ngati chidendene cha nsapato yakale, ndipo watsopano anali kale pampando akudikira. Ndinakoka kuchokera ku chogwirira kulowera kunsonga monga ndinkachitira masiku onse. Nditafika pakatikati ndinangomva kwee! Kutembenuza labala uja, timizere titatu ta thabwa, totalika ngati chala chamkombaphala, tinali titakakamira ku siponji ya kunsi kwa labalayo.

Mayi a kunyumba anasuzumira pawindo. "Kodi abambo, mwadzicheka?"

"Bola ndikanadzicheka, mayi. Chala chimapola."

Thabwa limenelo ndinali nditakhala nalo zaka 6. Ananditumizira ndi alamu anga omwe ndi namwino ku Manchester, ndipo dzanja langa linali litalizolowera moti ndinkadziwa komwe mpira ukatere ndisanaumenye n'komwe. Amene samasewera table tennis aona ngati ndikukokomeza. Amene amasewera andimvetsa.

Kwa amene sanamatulepo bat, chomwe timati blade si thabwa limodzi ayi. Ndi timapepala ta mitengo, kawirikawiri 5 kapena 7, tomatidwa mopingasana, ndipo tonse pamodzi timangokwana mamilimita 6 kapena 7 basi. Kakunja, komwe labala amagonapo, n'kopyapyala ngati chikhadabo, pafupifupi theka la milimita. Chomwe chimandiseketsa n'chakuti mitengo yake yambiri ndi ya mu Africa momwe muno. Limba, koto ndi ayous zimamera m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, ku Cameroon, Ghana, Ivory Coast ndi kwina. Mtengo umachoka kumeneko, kupita ku Sweden, Japan kapena China kukasanduka bat, n'kubwerera kuno mtengo wake utakwera mpaka kumwamba. Langalo linali la zigawo 5, kunja kwake limba. Anthu amaikonda limba chifukwa ndi yofewerapo, imakhala ngati ikuugwira mpira kamphindi usanachoke, ndiye spin, kuzungulira kwa mpira, imabwera mosavuta. Matabwa otchuka ngati Stiga Allround Classic, Stiga Clipper ndi Butterfly Petr Korbel onse anavala limba kunja. Koma kufewa komweko ndi komwe kumaipangitsa kukhala ndi timabowo totseguka ndi ulusi wautali wosachedwa kunyamuka.

Kale vuto limeneli silinkamveka kwambiri. Ife amene tinayamba kusewera cha m'ma 1990 tinkamata labala ndi soloshoni yemweyu womatira machubu a njinga, ndipo sitinali tokha. Guluu wotchuka uja wa speed glue anayambira pomwepo m'zaka za m'ma 1970, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri pankhaniyi ndi Tibor Klampár wa ku Hungary. Guluu wa mtundu umenewo ankauma msanga, sankanyowetsa thabwa, ndipo labala ankamatuka mosavuta ngati sitampa yonyowa. Koma fungo lake linali loipa ku mapapo, ndiye bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse la ITTF linamuletsa kuyambira September 2008, mpikisano wa Olympics wa ku Beijing utangotha. Amene analowa m'malo ndi guluu wamadzi, utomoni wa labala wosungunulidwa m'madzi. Ameneyu alibe fungo lopweteka mutu, koma madzi akewo amalowa m'timabowo ta thabwa, ulusi n'kufufuma, guluu n'kuukumbatira. Tsiku lomatula, ulusi uja umasankha kupita ndi labala. Onjezanipo chinyezi cha ku Zomba m'dzinja, pamene ngakhale mchere m'botolo umalira, ndiponso kukoka kwanga kotsata ulusi m'malo modutsa mopingasa. Mlandu unali wanga ndithu, theka lonse.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, kungoti ndinafunsa munthu wa ntchito ina. Kumsika kuli bambo wina kalipentala, mmisiri weniweni, amene anatikhomera tebulo lodyera lomwe mpaka lero silinagwedezekepo mwendo. Ndinawatengera thabwa lija. Analitembenuza uku ndi uku, kulinunkhiza, kuligogoda ndi chikhadabo.

"Aphunzitsi, musadandaule. Timata mabalawa ndi utuchi, tipala, kenako tipaka vanishi katatu. Liwala ngati bokosi la maliro a bwana."

Ndipo linawaladi. Patatha masiku anayi ndinalandira thabwa lonyezimira, lofiirira ngati uchi, lopakidwa mpaka chogwirira chomwe, moti ndinkadziona nkhope. Ana a kalabu yathu kusukulu analandirana m'manja akuti eee. Chinali chikomekome cha mkuyu. Nditagwetsera mpira pa thabwa lopanda labala, m'malo mwa kaphokoso kake kaja kakuya ka pok, linalira mokwera ngati mbale yadothi yowotcha. Pa sikelo ya mu labu linali litalemera ndi magalamu 4. Guluu atapakidwa ankangothawa n'kusonkhana timadontho ngati madzi pa tsamba la koko. Ndinamata mokakamiza, koma Lachitatu lotsatira, ndikusewera ndi mnyamata wa Fomu 3 yemwe sanandipambanepo chiyambire, labala anayamba kuyasamula m'mphepete, chogwirira chikuterereka ndi thukuta ngati mlamba. Anandichinya magemu atatu osabwezako, ndipo nkhaniyo inafika ku staff room ine ndisanafike.

Bambo ajawo sanalakwe. Anachita zomwe vanishi amayenera kuchita pa mpando ndi pa chitseko. Kungoti pa bat tikufuna zosiyana kwambiri ndi zimenezo, ndipo ngakhale malamulo amatero. Lamulo la ITTF limati pa kuchindikala kwa blade, magawo osachepera 85 pa 100 alionse akhale mtengo weniweni. Malangizo awo amalola vanishi wopyapyala kwambiri, wongogwira ulusi kuti usanyamuke posintha labala, osapitirira mamilimita 0.1, ndipo thabwa lizionekabe ndi kumvekabe m'manja kuti ndi thabwa. Kupitirira apo amakutenga ngati wamatapo pulasitiki. Langa lija, kukanakhala kumpikisano komwe amayeza ma bat, likanabwezedwa pakhomo.

Mu August alamu anabwera kutchuthi. Ndinali nditawadandaulira pa WhatsApp mpaka kutopa nane, ndiye m'chikwama munatuluka thabwa latsopano la limba ndi kabotolo kakang'ono, ka magalamu 25, kolembedwa Donic Lacquer Formula. Donic ndi kampani ya ku Germany, yomwe ambiri timaidziwira pa Jan-Ove Waldner wa ku Sweden, yemwe anatenga golide ku Barcelona mu 1992. Kunena zoona nditakaona ndinakhumudwa. Ndinati alamu, ulendo wonsewu mwanditengera mankhwala a m'maso? Iwo anati wogulitsayo wawauza kuti kakwana matabwa ambiri, ndipo ngati ndikufuna chigubu ndipite kwa kalipentala wanga uja. Alamu anga pakamwa sapereka ngongole.

Vanishi wake ndi wamadzi, wopanda thina. Ndi wopyapyala, woyererako, ndipo akauma saoneka. Fungo lake ndi lochepa moti ndinapakira pa tebulo lodyera popanda wondithamangitsa, pamene thabwa la kwa kalipentala lija linagona pakhonde sabata yathunthu.

Mmene ndimapakira ndi motere, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ndimayamba ndapukuta thabwa ndi kansalu kouma. Ndimamata tepi ya pepala pamzere pomwe chogwirira chathera, chifukwa chogwirira chimafunika chizimwa thukuta, chisalawe vanishi ngakhale pang'ono. Kenako ndimadontheza madontho anayi kapena asanu, lililonse ngati njere ya chimanga, n'kuwafalitsa ndi kachidutswa ka siponji yatsopano yotsukira mbale, kutsata ulusi, kuchokera ku chogwirira kupita kunsonga, mofulumira. Limba imamwa pomwepo, mtundu wake n'kuderako pang'ono ngati mchenga wothiridwa madzi. Ndisanawerenge mpaka 30 ndimatenga kansalu ka thonje, kanga ndi kachidutswa ka chitenje chakale cha mayi, n'kupukuta zonse zomwe zatsala pamwamba. Izi zimaoneka ngati kuwononga, kupaka n'kupukutanso, koma zomwe tikufuna ndi zomwe zalowa mkati, osati zokhala pamwamba. Ndimadutsitsanso kasiponji kaja m'mphepete mozungulira, pomwe zigawo zonse zimaonekera, chifukwa pamenepo ndi pomwe thabwa limamwera chinyezi kwambiri. Ndikatero ndimaimika bat m'kapu, chogwirira pansi, mutu m'mwamba, pamalo opanda fumbi.

M'nyengo yotentha, ngati mu October, pakatha mphindi 20 pamakhala pouma kukhudza. Komabe sindimata labala tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa lake ndikayendetsa chala pamamveka timinga ting'onoting'ono, ulusi womwe madzi anaudzutsa n'kuumira chiimire. Ndimadutsitsapo sandipepa yosalala, ya nambala 400 kapena 600, kawiri katatu basi, mopepuka ngati ukupukuta fumbi pa galasi la m'maso. Thabwa likatha pamenepo silinyezimira. Munthu wosadziwa sangaone kuti papakidwa kanthu. Pa sikelo ya mu labu ija, langa linali magalamu 84 ndisanapake, ndipo nditapaka linali 84 yemweyo.

Ndinalakwitsapo kamodzi, mu January. Linali thabwa la kalabu, ndinali pachangu, ndipo mtima wa ukalipentala unandibwerera: ndinapaka mowolowa manja osapukuta, n'kubwerezanso kachiwiri koyamba kasanaume bwino, kunja mvula ikugwa tsiku lachitatu. M'mawa ndinapeza mizere ya siponji itaumira pomwepo ngati mizere ya m'munda, ndipo pafupi ndi tepi panali kamtumbira. Zinanditengera madzulo onse kusalaza. Vanishi aliyense, ngakhale wopangidwira ntchito yomweyi, ukamuchulutsa amasanduka chikopa. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni ndimapereka masiku awiri athunthu.

Nanga wagwira ntchito? Pa thabwa langa ndamatula labala kanayi chipakireni, ndipo palibe ulusi ngakhale umodzi womwe wanyamuka. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi guluu wotsalira. Kale ndinkakhala theka la ola ndikumutokosa ndi chikhadabo, mtima uli m'mwamba. Pano ndimangomukankha ndi chala chachikulu kuchokera m'mphepete, iye n'kumakulungika yekha ngati chikanga cha nsima chikuchoka mumphika wabwino, n'kutuluka chikopa chimodzi. Ndipo labala amagwira ndithu, sanayasamulepo. Ndinasinthanso kakokedwe: tsopano ndimayambira pambali, n'kumakoka mopingasa ndi ulusi, pang'onopang'ono, labala ali chogona osati choimirira. Vanishi si chilolezo chokoka ngati ukuzula chinangwa.

Kwa ife kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa anzathu a ku Ulaya, pa chifukwa chomwe wopanga vanishiyu mwina sanachiganizireko. Iwo labala akatha amataya. Ife labala sataya. Ndikamuchotsa pa bat yanga amapita pa thabwa la kaputeni wa kalabu, wa kaputeni amatsikira kwa wa Fomu 2, ndipo wa Fomu 2 uja timamudula pang'ono kuti akwane pa kathabwa ka wongoyamba kumene. Labala mmodzi wa mtundu wotchedwa 729 amatha kuona matabwa atatu asanapume. Ndiye kuti matabwa athu amamatulidwa kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri ndi manja a ana a zaka 14 omwe amaonera Quadri Aruna wa ku Nigeria pa foni, uja anafika mu quarter final pa Olympics ya ku Rio mu 2016, n'kumaganiza kuti chilichonse chimafuna mphamvu ngati forehand yake. Chaka chatha chisanafike tinkataya thabwa limodzi kapena awiri pachaka chifukwa chosendeka. Pa matabwa 9 a kalabu omwe ndinapaka, palibe lomwe lasendeka. Ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, thabwa lililonse lomwe lapulumuka ndi nkhani yoti munthu ukaimbe nayo kwaya.

Pali anthu amene amalumbira kuti vanishi amapha thabwa, kuti likapakidwa silimvekanso m'manja. Mnzanga wina wa ku Blantyre, wosewera bwino kundiposa, amatero ndithu, ndipo tinakanganapo mpaka tiyi kuzizira. Ndiye tsiku lina tinayesa. Kalabu ili ndi matabwa awiri ofanana, amtundu umodzi, olemera mofanana. Limodzi ndinali nditapaka, linalo ayi. Tinamata malabala ofanana, mphunzitsi mnzanga wa Physics n'kuphimba m'mphepete ndi tepi kuti tisaone, n'kumatipatsa mosinthasintha. Ine ndinalondola katatu pa kasanu ndi kamodzi, zomwe ngakhale nkhuku ikanakwanitsa. Mnzanga wa ku Blantyre uja analondola kanayi, ndipo mpaka lero amati kanayi ndi umboni. Maganizo anga ndi akuti amene amadandaula za vanishi akunena za vanishi wochindikala, ndipo pamenepo akunena zoona, ndinazionera ndekha. Koma kamodzi kopukuta, ngati kusintha kulipo, n'kochepa kuposa kusintha komwe kumabwera labala akakalamba ndi mwezi umodzi.

Si thabwa lililonse lofuna kupakidwa. Ena amabwera atapakidwa kale ku fakitale. Kuti mudziwe, donthezani kadontho kamodzi ka madzi pakona ya nkhope yake: kakaima chilili ngati mkanda, lapakidwa kale, lisiyeni; kakalowa n'kusiya banga lakuda, ndi laliwisi. Matabwa ovala koto, monga Butterfly Viscaria, ndi olimbirapo pamwamba ndipo sasendeka msanga ngati limba. A hinoki, mkungudza wa ku Japan uja, eni ake amagawanika, chifukwa kufewa kwa pamwambako ndi komwe analipirira ndalama zambiri. Ndipo ma bat omatiratu ogula m'sitolo, awiri m'paketi ndi timipira titatu, musavutike nawo. Labala wake sanapangidwe kuti azichoka.

Musayembekezerenso zomwe vanishiyu sanalonjeze. Sabwezeretsa ulusi womwe wapita kale. Sateteza m'mphepete mukamenyetsa bat pa tebulo pofuna kutola mpira waufupi, imeneyo ndi ntchito ya tepi ya m'mphepete. Ndipo thabwa lopakidwa mukalisiya m'galimoto yotseka padzuwa la ku Liwonde, kapena pawindo m'dzinja, lipindika ngati lina lililonse.

Vuto lenileni ndi kumupeza. M'masitolo a zamasewera omwe ndimalowa ku Blantyre mumakhala mipira, maneti ndi ma bat omatiratu aja, koma vanishi wa blade ayi. Njira ndi yomweyi ya wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku UK, ndipo ubwino wake kabotoloko kamalowa m'thumba la malaya, palibe angakane kuti katundu wachuluka. Akapanda kupeza wa Donic, makampani ena ali ndi wawo wa ntchito yomweyi: Tibhar ali ndi Clean Coat, Andro ali ndi Free Seal, Joola nawonso ali naye. Kanga kapaka matabwa 11, kuphatikizapo la mnzanga wa Physics, ndipo ndikakayang'anitsa padzuwa katsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndimapukuta pakamwa pake ndisanatseke, n'kukasunga m'kabati ya zovala komwe sikutentha. Mukakhala kalabu, sonkhani mugule kamodzi, n'kokwanira nonse.

Amene alibe wachibale kunja asataye mtima. Ndinayesa pa matabwa awiri akale vanishi wa polyurethane wamadzi, woyera, wosawala, yemwe amapaka pansi pa matabwa m'nyumba. Ndinapempha supuni imodzi kwa munthu amene ankamalizitsa nyumba, n'kuthirako timadontho ta madzi, kupaka kamodzi n'kupukuta chimodzimodzi. Wagwira bwino ndithu, kungoti ndi wolemererapo, safuna kuchedwa kupukuta, ndipo amagulitsidwa m'chitini chomwe chingapake ma bat a dziko lonse la Malawi. Sipuleyi ya tsitsi, yomwe ena amaitama, ndinabako ya mayi: imathandiza kumata kumodzi, ukamatula yapita ndi guluu, uyambirenso. Zomwe musayerekeze n'komwe ndi polishi wa pansi, kandulo, kapena mafuta amtundu uliwonse. Thabwa likamwa mafuta, guluu wamadzi sadzagwiranso, ndipo palibe sandipepa yomwe ingawatsate mkatimo. Vanishi wa thina nayenso, kupatula kuchindikala, amasunga fungo masiku ambiri, ndipo kumipikisano ikuluikulu kuli kachipangizo konunkhiza bat kofufuza mpweya womwewo womwe unaletsetsa speed glue.

Thabwa langa lakale lija silinatayidwe. Ndinalipala madzulo awiri mpaka kunyezimira konse kutachoka, mosamala kuti ndisaboole limba yotsalayo, ndipo pano likusewera ndi mtsikana wa Fomu 1 amene sadziwa mbiri yake. Mabala atatu aja amaonekabe ukachotsa labala.

Mwezi wathawu bambo kalipentala aja anabwera kusukulu kudzakonza madesiki, ndipo anandipeza ndikusintha labala. Ndinawapatsa thabwa latsopanolo kuti aone. Analiyendetsa chala chachikulu, kulipendeketsa kudzuwa, kulinunkhiza ngati poyamba paja.

"Aphunzitsi, mwati mwapaka? Apa palibepo chilichonse apa."

"Chilipo, bambo. Chili mkati."

Anapukusa mutu n'kundibwezera, akuoneka kuti andimvera chisoni pa ndalama za alamu. Kenako anayang'ana tebulo lathu lachiwiri, lomwe mwendo wake umodzi wakhala pa njerwa kuyambira teremu yatha, n'kunena kuti limenelo ndiye ndiwatumizire Lolemba.